Mmene mungasankhire saizi ya felemu ya njinga ya mpikisano ndi kuikonza kuti ikuyenereni

Njinga ya mpikisano, ija ya matayala opyapyala ndi handulo yopindikira pansi, imazunza kwambiri ikakhala kuti si saizi yanu. Pa njinga wamba yopitira kumsika mumakhala chowongoka, ulendo ndi waufupi, ndipo ngakhale itakukulirani pang'ono thupi limapirira. Pa ya mpikisano mumawerama kwa maola awiri kapena atatu, miyendo ikuzungulira maulendo 80 mpaka 90 pa mphindi iliyonse. Ola likamatha bondo limakhala litapinda ndi kuwongoka maulendo pafupifupi 5,000. Chishalo chikatsika ndi sentimita imodzi yokha, bondo limalandira vuto lomwelo maulendo onsewo. N'chifukwa chake anthu ambiri amaimika njinga yabwinobwino n'kumati masewerawa ndi opweteka, pomwe chalakwika ndi muyezo basi.

Chishalo chimakwera ndi kutsika, handulo imasinthika, stem ija yolumikiza handulo ku foloko mutha kugula ina. Felemu yokha ndiyo simungaitalikitse kapena kuidula. Choncho ntchito imayambira pa felemu, kenako mapazi ndi chishalo, handulo pomalizira. Mukasokoneza ndondomeko imeneyi mudzangokhalira kumasula ndi kumanga mabauti osapeza pokhazikika, chifukwa chilichonse chimene mwasuntha chimakhudza chinzake.

Yambani ndi kuyeza mwendo

Pezani tepi ya masentimita, buku la chikuto cholimba, pensulo, khoma lowongoka ndi munthu wokuthandizani. Vulani nsapato, muvale kabudula wothina amene mumapalasira njinga. Imani chotsamira khoma, zidendene zitagunda khomalo, mapazi atatalikirana masentimita pafupifupi 15. Lowetsani buku pakati pa miyendo msana wake uli m'mwamba, mbali imodzi itagunda khoma kuti lisapendekeke, ndipo mulikokere m'mwamba mwamphamvu mpaka mumve ngati mwakhalira chishalo. Ambiri amalakwitsa pomwepa. Amachita manyazi kapena kuopa kupweteka, buku limaima m'munsi, muyezo n'kuperewera ndi masentimita awiri kapena atatu. Mnzanuyo alembe kamzere pakhoma pamene pafika msana wa buku, muyeze kuchokera pansi kufika pa kamzereko. Bwerezani katatu, mutenge nambala ya pakati. Muyezo wa thalauza wa kwa telala musautenge, umathera pa akakolo, sufika pansi.

Yezaninso msinkhu wanu, opanda nsapato. Kenako tambasulani manja mbali zonse ziwiri, mnzanu ayeze kuchokera kunsonga ya chala chapakati cha dzanja lina kukafika ku chinzake. Pomaliza ayeze mapewa, kuchokera pa kafupa kotuluka kunsonga ya phewa lamanja kukafika pa ka kumanzere. Lembani nambala zinayi zimenezi papepala. Mu malangizo ano titenga chitsanzo cha munthu wa msinkhu wa masentimita 175 ndi mwendo wa masentimita 82.

Nambala ya pa felemu, ndi pamene imanamiza

Kale saizi ya felemu inali kutalika kwa paipi yoimirira imene chitsulo cha chishalo chimalowamo, kuyezera pakati pa ekiselo yozunguza mapedulo, imene okonza njinga amati bottom bracket. Ena ankayeza kufika pakati pa mtanda (paipi ya pamwamba yochokera kutsogolo kukafika pansi pa chishalo), ena kufika pakamwa pa paipiyo. Masamu ake ndi awa: mwendo kuchulukitsa ndi 0.65 ngati akuyeza kufika pakati pa mtanda, kapena ndi 0.67 ngati akuyeza kufika pamwamba. Munthu wathu wa mwendo wa 82 apeza 53.3 pa njira yoyamba ndi 54.9 pa yachiwiri, ndiye kuti afunefune pa felemu zolembedwa 54.

Poyang'ana msinkhu wokha, makampani ambiri amagwirizana motere: wa masentimita 152 mpaka 160 amalowa pa 47 mpaka 49, wa 160 mpaka 168 pa 50 mpaka 52, wa 168 mpaka 175 pa 52 mpaka 54, wa 175 mpaka 182 pa 54 mpaka 56, wa 182 mpaka 190 pa 58, ndipo wamtali kuposa apo pa 60 kapena 61. Felemu zakale za ku Britain zimalembedwa mu mainchesi; chulukitsani ndi 2.54, ndiye 21 ndi pafupifupi 53, ndipo 22 ndi pafupifupi 56. Nambala 700C kapena 28 imene ili pa tayala ndi ya gudumu, ilibe chochita ndi felemu, ngakhale ogulitsa ena amaitchula ngati saizi ya njinga.

Masamu amenewa ankagwira bwino nthawi imene mtanda unkakhala wogona molingana ndi nthaka. M'zaka za m'ma 1990 kampani ya Giant inatulutsa njinga ya TCR, imene anajambula Mike Burrows wa ku Britain, yokhala ndi mtanda wopendekera kumbuyo ndi paipi ya chishalo yaifupi, ndipo inkagulitsidwa pa masaizi a S, M ndi L. Makampani ena anatsatira. Lero mutha kuyeza paipi ya chishalo pa njinga yolembedwa 54 n'kupeza masentimita 49 kapena 50 okha. Komanso 54 ya kampani ina imafanana ndi 56 ya inzake, ndipo M wa kuno si M wa uko. Tsono nambalayo ikuthandizeni kuchotsa njinga zimene zili kutali ndi inu, koma musaperekere ndalama nambala yokhayo.

Stack ndi reach

Pali miyezo iwiri imene siinama, ndipo kampani iliyonse yodziwika imailemba pa tebulo la miyezo ya njinga yake pa intaneti. Yonse imayambira pakati pa bottom bracket n'kukathera pakati pa kamwa ya pamwamba ya paipi yaifupi ya kutsogolo, imene foloko imadutsamo. Stack ndi mtunda wokwera chilili pakati pa malo awiriwo, ndipo imakuuzani mmene handulo idzakwerere. Reach ndi mtunda wopita kutsogolo mogona, ndipo imakuuzani mmene mudzatambasukire.

Njinga zopangira liwiro, monga Specialized Tarmac, Trek Émonda, Giant TCR kapena Cannondale SuperSix, pa saizi ya 54 kapena yofanana nayo zimakhala ndi reach ya mamilimita pafupifupi 385 ndi stack ya pafupifupi 540. Zopangira maulendo ataliatali, monga Roubaix, Domane, Defy kapena Synapse za makampani omwewo, pa saizi yomweyo reach imafupika kufika cha m'ma 375, stack n'kukwera kufika 560 mpaka 580. Masentimita atatu a stack amaoneka ochepa papepala, koma pamsana ndi pakhosi amamveka tsiku loyamba lomwelo. Gawani stack ndi reach: yankho likakhala cha m'ma 1.40 njingayo ndi yowerametsa kwambiri, likapitirira 1.50 ndi yokhala modzuka. Ngati mukuyamba kumene, kapena simutha kugwira zala zakumapazi mawondo ali chowongoka, sankhani ya gulu lachiwirili. Zambiri mwa izo zimalolanso matayala okulirapo a mamilimita 30 kapena 32, amene amathandiza pa tala wokumbikakumbika.

Njinga ya kaunjika imene zolemba zake zinafufutika mutha kuiyeza nokha. Iimikeni chilili pa simenti yosalala, tayala lakumbuyo litagunda khoma. Yezani kuchokera pakhoma kufika pakati pa bottom bracket, kenako kuchokera pakhoma kufika pakati pa kamwa ya paipi ya kutsogolo ija. Kusiyana kwa ziwirizi ndiyo reach. Chitani chimodzimodzi kuyezera pansi, kusiyana kwake ndiyo stack. Onetsetsani kuti tepi yagona mowongoka, isapendekeke.

Mukayang'anitsitsa matebulo amenewa muona chinthu chimene ambiri sachidziwa: kuchoka pa saizi ina kupita pa yotsatira, reach imangowonjezeka mamilimita asanu mpaka khumi, pomwe stack imalumpha ndi 15 mpaka 25. Ndiye kuti posankha pakati pa 54 ndi 56, funso lalikulu ndi lakuti mukufuna handulo yokwera bwanji.

Mukakhala pakati pa masaizi awiri

Anthu awiri a msinkhu wa 175 atha kufuna njinga zosiyana. Wa mwendo wa 86 ali ndi miyendo yaitali koma thunthu lalifupi. Chishalo chake chidzakwera kwambiri, handulo n'kutsalira pansi ndiponso kutali. Ameneyu afune felemu ya stack yaikulu ndi reach yaifupi. Wa mwendo wa 78 ali ndi thunthu lalitali; masamu a 0.65 amupatsa 50.7, koma pa felemu yaing'ono chotero adzapanikizika, mawondo kumayandikira handulo. Ameneyu atsatire msinkhu wake, ndipo mtanda wopendekera umuthandiza kuti aime bwino. Muyezo wa manja uja umathandiza pomwepa. Ukaposa msinkhu wanu ndi masentimita angapo, mutha kukwanitsa saizi yaikuluyo. Ukachepa, pitani ku yaing'ono.

Mukakayikabe, tengani yaing'ono. Felemu yochepa pang'ono imakonzeka ndi stem yotalikirapo ndi kukweza chishalo. Yaikulu imakukakamizani kuika stem yaifupi kwambiri ndi kukankhira chishalo kutsogolo, ndipo zonsezi zimawononga kayendedwe ka njinga. Chenjezo lake ndi limodzi: yaing'onoyo ikhale ndi stack yokwanira, apo ayi handulo idzatsikitsitsa. Makolo ogulira mwana amakonda kunena kuti akulira momwemo. Pa njinga ya mpikisano zimenezo ndi zoopsa, chifukwa mwana amene zala sizifika bwino pa mabuleki sangaime msanga.

Musanalipire

Imirirani njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi, mutavala nsapato zopalasira. Pakati pa thupi ndi mtanda pakhale mpata wa masentimita awiri ndi theka kapena kuposa. Mtanda ukakugundani, isiyeni. Koma mpata wokhawo si umboni kuti njinga yakukwanani, makamaka pa mtanda wopendekera.

Pa njinga yogwiritsidwa kale ntchito pali zinthu zitatu zimene zingalepheretse ntchito yonse ya m'munsimu. Choyamba, masulani bauti ya chitsulo cha chishalo, muone ngati chikukwera ndi kutsika. Chitsulo cha aluminiyamu chikakhala zaka zambiri mu felemu yachitsulo popanda girisi chimamatirira, ndipo nthawi zina sichituluka popanda kuwononga felemu. Wogulitsa akakana kuti mumasule, musagule. Chachiwiri, yang'anani pansi pa stem ngati pali timphete toonjezera msinkhu, ma spacer. Ngati mulibe ndipo paipi ya foloko inadulidwa pafupi, handulo simungaikweze kupatula potembenuza stem. Chachitatu, pa njinga zatsopano zimene handulo ndi stem zinaumbidwa pamodzi, kusintha kutalika kumafuna kugula zonse, ndipo ndi zodula. Pitirizaninso chala pansi pa mapaipi awiri pafupi ndi kutsogolo. Mukamva khwinya kapena penti wosweka mozungulira, njingayo inawombapo chinthu ndipo miyezo yake inasokonekera.

Ngati mukuitanitsa kuchokera ku South Africa kapena ku Britain osaikwera, funsani dzina lenileni la njinga ndi chaka chake, mupeze tebulo la miyezo yake, ndipo mupemphe chithunzi cha tepi itagona pa felemu. Funsaninso kutalika kwa stem, kukula kwa handulo ndi kutalika kwa crank (mkono umene pedulo imamangidwapo), chifukwa zimenezi sizipezeka m'sitolo iliyonse.

Mapazi

Pedulo imapondedwa ndi mbali yotakata ya phazi, pamene chala chachikulu chimalumikizana ndi phazi, osati pakati pa phazi kapena chidendene. Ngati muli ndi nsapato zokolowekera, valani nsapato, mufufuze fupa lotuluka la kuseri kwa chala chachikulu, mulembe kadontho pambali pa nsapato. Mangani cleat, kachidutswa ka pansi pa nsapato kamene kamakolowekera pa pedulo, moti kadonthoko kakhale pamwamba pa ekiselo ya pedulo kapena mamilimita asanu mpaka khumi kutsogolo kwake. Cleat ikapita kutsogolo kwambiri, katumba ndi mtsempha wa kuchidendene zimatopa ndipo zala zimachita dzanzi. Loleraninso phazi likhale mmene limakhalira mwachibadwa: khalani patebulo miyendo ikulendewera, muone ngati zala zikuloza kunja kapena mkati, cleat itsatire zimenezo. Cleat za Shimano SPD-SL zachikasu zimalola phazi kusuntha madigiri 6, zabuluu 2, zofiira sizilola konse. Za Look Keo zotuwa zimalola 4.5, zofiira 9, zakuda sizilola. Woyamba kumene atenge zololera, kuti bondo lipeze njira yake.

Kukwera kwa chishalo

Uwu ndiwo muyezo waukulu pa yonse, ndipo ndi woyenera kuutayira nthawi. Chulukitsani mwendo ndi 0.883. Yankho ndi mtunda wochokera pakati pa bottom bracket kufika pamwamba pa chishalo, tepi itatsata paipi ya chishalo. Njirayi inatchuka ndi Greg LeMond wa ku America, amene anapambana Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990, ndipo inachokera kwa mphunzitsi wake Cyrille Guimard wa ku France. Munthu wathu wa 82 apeza 72.4. Pali ina yotsimikizira: mwendo kuchulukitsa ndi 1.09, kuyezera pa ekiselo ya pedulo ili pansi penipeni kufika pamwamba pa chishalo. Apa apeza 89.4, ndipo mukachotsapo crank ya masentimita 17.25 patsala 72.1. Njira ziwirizi zasiyana ndi mamilimita atatu okha, ndiye poyambira papezeka.

Masamu sadziwa kukula kwa phazi lanu, kukhuthala kwa nsapato, kapena ngati mumapalasa chidendene chili m'mwamba kaya pansi. Tsono tsimikizani ndi thupi. Tsamiritsani njinga pakhoma, mnzanu aigwire, mukhale pa chishalo. Ikani chidendene pa pedulo, mupalase chobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Pedulo ikafika pansi mwendo uwongoke ndithu, koma chiuno chisapendekere mbali imeneyo. Chidendene chikasiya pedulo, chishalo chakwera. Bondo likatsala lopinda, chatsika. Mukabwezera phazi pamalo ake, bondo lidzakhala lopinda pang'ono, madigiri 25 mpaka 35 kuchoka pa kuwongoka. Foni imathandiza: mnzanu ajambule kanema ali chammbali, foni ili molingana ndi chiuno chanu, ndipo muimitse chithunzi pamene pedulo ili pansi. Ajambulenso ali kumbuyo. Matako akamavina uku ndi uku pa chishalo, tsitsani mamilimita atatu mpaka asanu.

Wochokera pa njinga wamba amadabwa kuti atakhala pa chishalo mapazi safika pansi, n'kufuna kutsitsa. Musatsitse. Pa njinga imeneyi mumangogunda pansi ndi nsonga za zala, ndipo poima mumatsika kutsogolo kwa chishalo. Ngati mwakhala mukupalasa chishalo chili pansi kwambiri, musachikweze masentimita atatu tsiku limodzi. Onjezerani mamilimita asanu pa maulendo angapo alionse kuti mitsempha izolowere.

Pa chitsulo cha chishalo pali mzere wosonyeza polekezera. Mzerewo usaonekere kunja kwa felemu, chifukwa chotsalira mkati chikachepa felemu imang'ambika pakamwa. Ngati muyezo wanu ukufuna kupitirira mzerewo, gulani chitsulo chachitali cha kukula komweko. Nambala yake imadindidwa m'munsi mwake, kawirikawiri mamilimita 27.2, 30.9 kapena 31.6, ndipo musakakamize china kapena kupanira ndi chidutswa cha chitini. Pakani girisi pang'ono ngati zonse ndi zachitsulo kapena aluminiyamu. Pa felemu kapena chitsulo cha kaboni (carbon fibre) pamafunika phala lake lapadera ndi sipanala yoyeza mphamvu, ndipo nambala yolembedwa pa bauti, kawirikawiri 5 kapena 6 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira), musaipyole.

Kutalika kwa crank kumadindidwa kuseri kwake pafupi ndi pedulo, mu mamilimita: 165, 170, 172.5 kapena 175. Wa miyendo yaifupi amene ali pa 175 bondo limakwera mopitirira pamwamba ndipo chiuno chimapanikizika. Mukasintha kupita ku yofupikira ndi mamilimita asanu, kwezaninso chishalo ndi asanu omwewo.

Chishalo kutsogolo, kumbuyo, ndi kupendekeka

Mangani nati kunsonga ya ulusi. Njinga ili pamalo osalala, khalani mmene mumakhalira popalasa, crank itagona, pedulo imodzi ili kutsogolo. Mnzanu agwire ulusi pa kafupa kotuluka kamene kali m'munsi pang'ono mwa bondo, nati ilendewere. Ulusiwo udutse pa ekiselo ya pedulo, kapena sentimita imodzi kumbuyo kwake. Muyezo umenewu ndi poyambira chabe. Wotsimikizira weniweni ndi uwu: mukupalasa mwamphamvu pang'ono pamalo osalala opanda magalimoto, pepukitsani manja pa handulo ngati mukufuna kuwachotsa. Ngati thupi likugwera kutsogolo nthawi yomweyo, chishalo chapita kutsogolo kwambiri ndipo manja ndi amene akusenza thupi. Chibwezeni mamilimita asanu. Ochita mipikisano yotsata malamulo a UCI, bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, akumbukire kuti mphuno ya chishalo imayenera kukhala masentimita osachepera asanu kumbuyo kwa mzere wokwera chilili kuchokera pa bottom bracket, kupatula amene apatsidwa chilolezo chifukwa cha thupi lawo.

Musakankhire chishalo kutsogolo chifukwa handulo yatalikira. Malo a chishalo amatsata miyendo ndi mapedulo. Handulo ikatalikira, chosintha ndi stem. Dziwaninso kuti paipi ya chishalo imapendekera kumbuyo madigiri pafupifupi 73, choncho mukabwezera chishalo kumbuyo sentimita imodzi zimakhala ngati mwachikweza mamilimita atatu. Yezaninso kukwera nthawi iliyonse imene mwachisuntha, ndipo musapyole mizere yolekezera ya pa timawaya ta pansi pake.

Chishalo chigone molingana. Ikani kathabwa pamwamba pake ndi levulo ya amisiri omanga kapena ya mufoni. Mphuno itha kutsika digiri imodzi kapena awiri, basi. Ikatsikitsa mumatsetserekera kutsogolo n'kumadzikankha ndi manja ulendo wonse. Ikakwera imapanikiza malo obisika. Kukula kwa chishalo kumatsata mafupa awiri amene mumakhalira. Ikani chidutswa cha katoni pa sitepe yolimba, mukhalepo chowerama pang'ono mapazi atakwezedwa, mudzuke, muyeze pakati pa timaenje tiwiri totsalapo, muonjezere masentimita awiri. Zishalo zambiri zimagulitsidwa pa mamilimita 143 kapena 155. Chofewa kwambiri chimakoma mphindi khumi zoyamba, kenako mafupa amamira ndipo mnofu wapakati ndi umene umasenza thupi.

Handulo

Kukula kwa handulo kufanane ndi muyezo wa mapewa uja: masentimita 38, 40, 42 kapena 44, kuyezera pakati pa paipi kufika pakati pa inzake. Njinga zambiri zimabwera ndi yotakata kuposa mapewa a mwini wake, makamaka kwa amayi ndi anthu a matupi aang'ono, ndipo zotsatira zake ndi kupweteka pakati pa mapewa. Mbali ya pamwamba ya handulo ndi mphira zogwirira za pa mabuleki zipange mzere umodzi wogona, kuti dzanja lisapindike polumikizana ndi mkono.

Gwirani pa mphira zimenezo, pamene manja amakhala nthawi yambiri. Msana upendekere madigiri pafupifupi 45, mkono ndi thunthu zipange ngodya ya pafupifupi 90, zigongono zipinde pang'ono, mapewa akhale omasuka, asakwere kumakutu. Mukazindikira kuti nthawi zonse manja amathawira kumbuyo kwa mphirazo, handulo yatalikira. Ma stem amapezeka modumpha mamilimita khumi, ndipo pa felemu yokuyenerani mudzagwa pakati pa 80 ndi 120. Ngati mukufunika yofupikira pa 70, felemu yakula, ndipo njinga idzakhala yopepuka mutu, yogwedezeka pa liwiro. Pogula ina onani pogwirira handulo: za masiku ano ndi mamilimita 31.8, zakale ndi 26.0 kapena 25.4.

Za kukwera, yezani kuchokera pansi kufika pamwamba pa chishalo, ndi kuchokera pansi kufika pamwamba pa handulo. Kwa woyamba kumene handulo itsike pansi pa chishalo ndi masentimita osapitirira asanu. Wozolowera amafika asanu mpaka khumi. Musatengere akatswiri a pa kanema, matupi awo anazolowera kwa zaka zambiri. Spacer ya mamilimita khumi imakweza handulo pafupifupi khumi omwewo n'kuiyandikitsa atatu. Stem ya mamilimita 100 ya madigiri 6 mukaitembenuza imakweza handulo masentimita awiri. Pa foloko ya kaboni makampani ambiri salola ma spacer opitirira masentimita atatu kapena anayi pansi pa stem.

Pomanga tsatani ndondomeko. Mabauti a m'mbali mwa stem akhale omasuka, mumange kaye bauti ya pamwamba pang'onopang'ono mpaka kugwedera kuthe. Gwirani buleki yakutsogolo, mukankhe njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kugogoda, onjezerani pang'ono, koma handulo izitembenukabe mosavuta. Kenako wongolani stem molunjika ndi tayala, mumange a m'mbali mosinthanasinthana. Paipi ya foloko ikhale mamilimita awiri kapena atatu m'munsi mwa pamwamba pa stem kapena spacer yomalizira, apo ayi bauti ya pamwamba idzangomanga popanda kukoka kanthu. Pa njinga zakale za stem yolowa mkati mwa foloko pali mzere wolekezera ngati wa chishalo uja.

Pomaliza gwirani m'munsi mopindika muja, muone ngati zala ziwiri zikukola chogwirira buleki popanda kusuntha chikhatho. Potsika mapiri okhala ndi makona monga a Golomoti kapena msewu wochokera pamwamba pa phiri la Zomba, manja amayenera kukhala mmenemo, ndipo wosafikira mabuleki ali pangozi yeniyeni. Zogwirira zambiri za Shimano ndi SRAM zili ndi kabauti kobisika koyandikitsira. A felemu zing'onozing'ono ayesenso ngati nsonga ya nsapato ikugunda tayala lakutsogolo pokhota. Zimachitika pa liwiro lochepa lokha, ndipo mankhwala ake ndi kusiya kupalasa pokhota mothina.

Thupi likayamba kudandaula

Pitani ulendo wa ola limodzi kapena kuposa musanaweruze, mutanyamula Allen key za 4 ndi 5. Kupweteka kutsogolo kwa bondo kawirikawiri ndi chishalo chotsika kapena chopita kutsogolo, ndipo kumamveka kwambiri pachitunda. Kuseri kwa bondo ndi chishalo chokwera kapena chobwerera m'mbuyo. M'mbali mwa bondo yang'anani cleat, mwina ikukakamiza phazi. Dzanzi la kachala kakang'ono ndi kotsatira limachokera ku mtsempha wopanikizika m'chikhatho: thupi lalemera kutsogolo, mphuno ya chishalo yatsika, kapena handulo yatsikitsa. Khosi ndi mapewa zimadandaula handulo ikatalikira, zigongono zitauma gwa. Msana wam'munsi umapweteka handulo ikatsikitsa kapena chiuno chikamavina. Dzanzi la kumalo obisika musalipirire. Onani kupendekeka, kukwera ndi kukula kwa chishalo msanga.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mamilimita atatu mpaka asanu, mupalase maulendo awiri kapena atatu musanakhudze china. Ululu ukapitirira mutasintha, kapena bondo likatupa, imikani njinga mukaonane ndi adokotala.

Zikakhazikika, lembani miyezo inayi: kuchokera pa bottom bracket kufika pamwamba pa chishalo, mtunda wa mphuno ya chishalo kumbuyo kwa bottom bracket poyezera ndi ulusi wa nati uja, kuchokera pa mphuno ya chishalo kufika pakati pa handulo, ndi kusiyana kwa msinkhu wa chishalo ndi handulo. Zengani tepi yamagetsi pa chitsulo cha chishalo pamene chalowera mu felemu; musakande ndi mpeni, makamaka pa kaboni, chifukwa pokandika ndi pamene pamayambira mng'alu. Mukasintha chishalo kapena nsapato yezaninso, popeza kukhuthala kwake kumasiyana ndi mamilimita angapo.